Mwana wa Pakhomo pa Eni: Mafunso ndi Mayankho pa Ulendo Woyamba wa Wachinyamata Kunja kwa Dziko

Kutumiza mwana kuti akakhale pakhomo pa anthu ena chifukwa cha sukulu si chinthu chachilendo pakati pa Achewa ndi anansi awo, popeza kuyambira kale ana ambiri akhala akuleredwa kwa amalume, kwa azakhali kapena kwa aphunzitsi a pamishoni pamene sukulu inali kutali ndi mudzi wawo. Chatsopano n'chakuti khomo limene mwanayo akupita likhoza kukhala ku Denmark, ku Germany kapena ku America, ndipo eni ake ndi anthu opanda ubale ndi makolo ake, osamva Chichewa, amenenso amaumva ulemu m'njira yosiyana ndi ya kuno.

Kodi kukhala ndi banja lolandira kumatanthauza chiyani?

Banja lolandira ndi banja la m'dziko lina limene lavomera, kudzera m'bungwe lodziwika, kusunga wachinyamata wochokera kunja kwa milungu ingapo, miyezi ingapo kapena chaka chonse cha sukulu, n'kumampatsa pogona, chakudya ndi chisamaliro monga mmene limachitira ndi ana ake obereka. Wachinyamatayo, amene kawirikawiri amakhala wa zaka za pakati pa 15 ndi 19, amaphunzira pasukulu ya m'deralo, amatsatira malamulo a pakhomopo, ndipo nthawi yake ikatha amabwerera kwawo.

Malo a mwanayu m'nyumbamo ndi amene amasokoneza anthu ambiri. Iye si mlendo monga mmene mawuwo amamvekera kumudzi, kumene mlendo amaphedwera nkhuku, amayalilidwa mphasa yatsopano ndipo saloledwa kugwira tsache, pakuti mwambi umati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, pamene uyu wabwera kudzakhala miyezi khumi. Iye sinso wantchito, ndipo apa mpofunika kusiyanitsa dongosolo limeneli ndi lina lotchedwa au pair, mawu a Chifalansa onena za munthu wamkulu kale amene amalera ana a eni nyumba posinthana ndi pogona ndi kandalama ka m'thumba. Wophunzira wa msinthano ndi mwana wa pakhomo wa masiku owerengeka, amene ali ndi ufulu wotsegula kabati ya zakudya popanda kupempha, komanso udindo wotsuka mbale tsiku lake likafika.

Nanga mchitidwe umenewu unayamba liti, ndipo chifukwa chiyani?

Pafupifupi mabungwe onse akuluakulu osinthanitsa ophunzira anabadwa m'mithunzi ya nkhondo, ndipo zimenezi zimafotokoza chifukwa chake mabanja ambiri olandira salipidwa. Bungwe la Experiment in International Living, limene Donald Watt anayambitsa ku America mu 1932, ndi limene limadziwika kuti linakhazikitsa njira yogoneka achinyamata m'nyumba za anthu wamba m'malo mwa mahotela kapena misasa. Bungwe la AFS linachokera kwa anthu odzipereka amene ankayendetsa maambulansi pa nkhondo ziwiri zikuluzikulu za dziko lonse, ndipo mu 1947 linayamba kubweretsa ophunzira a sekondale ku America. Mu 1951, gulu la achinyamata a ku Germany linafika m'chigawo cha Michigan kudzakhala ndi mabanja a anthu amene zaka zisanu ndi chimodzi m'mbuyomo anali adani a dziko lawo, ndipo ntchito imeneyo, motsogozedwa ndi Rachel Andresen, inakula kukhala bungwe la Youth For Understanding. Ngakhale ndondomeko ya Kennedy-Lugar YES, imene nyumba ya malamulo ya America inakhazikitsa mu 2002, inabwera chifukwa cha chiwembu cha zigawenga cha pa 11 Seputembala 2001, pofuna kuti ana a m'mayiko okhala Asilamu ambiri ndi mabanja a ku America adziwane maso ndi maso.

Ganizo la onsewa linali lakuti n'kovuta kuda mtundu wonse wa anthu ngati mwana wa mtundu umenewo anadwalirapo m'nyumba mwako ndipo unamuphikira phala. Amalawi akulidziwa ganizo limeneli kuchokera ku mbali ya olandira, chifukwa bungwe la Peace Corps, limene linafika m'dziko muno mu 1963, lakhala likugoneka anthu ake atsopano m'mabanja a kumudzi kuti aphunzire chilankhulo, kupala moto ndi kutunga madzi asanapite kumalo awo a ntchito.

Kodi wachinyamata wa kuno angafike bwanji m'dongosolo lotere?

Njira zake si zambiri, ndipo iliyonse ili ndi khomo lake lodziwika. Makalabu a Rotary, bungwe limene Paul Harris anayambitsa ku Chicago mu 1905, ali ndi msinthano wa achinyamata umene umayendetsedwa ndi kalabu yotumiza mogwirizana ndi kalabu yolandira. Makalabu a ku Malawi, Zambia, Zimbabwe ndi kumpoto kwa Mozambique ali m'chigawo chimodzi cha bungwelo, chotchedwa 9210. M'dongosolo la Rotary la chaka chathunthu, wophunzira amasinthasintha mabanja, kawirikawiri awiri kapena atatu, makolo amalipira ndege, inshuwalansi ndi zikalata, pamene kalabu yolandira imasamalira pogona ndi sukulu n'kumapereka kandalama ka m'thumba mwezi ndi mwezi. Ndondomeko ya YES yakhala ikutenga ophunzira ku Mozambique, Tanzania, Kenya ndi South Africa, mwa mayiko ena, ndipo boma la America ndi limene limalipira. Palinso maulendo aafupi obwera chifukwa cha maubale a sukulu ndi mipingo, makamaka ndi dziko la Scotland, limene ubale wake ndi Malawi unalimbikitsidwa ndi pangano limene Bingu wa Mutharika ndi Jack McConnell anasainirana mu 2005.

Ndani amafufuza banja lolandira, ndipo mwana ali ndi ufulu wotani m'nyumbamo?

Malamulo amasiyana dziko ndi dziko, koma a ku America okhudza ophunzira a sekondale oyendera viza ya J-1, imene ndi chilolezo cholowera m'dzikolo cha anthu a msinthano, analembedwa mwatsatanetsatane kotero kuti makolo akhoza kuwatenga ngati muyeso poyesa bungwe lililonse. Malinga ndi malamulowo, bungwe liyenera kufika panyumbapo n'kulankhula ndi onse okhalamo, kufufuza ngati aliyense wa zaka 18 kupita m'tsogolo ali ndi mbiri ya milandu, ndi kumva umboni wa anthu awiri osakhala achibale onena za khalidwe la banjalo. Wophunzira ayenera kukhala ndi bedi lakelake, ndipo ngati agona m'chipinda chimodzi ndi mwana wina, akhale mmodzi yekha ndiponso wofanana naye, mnyamata ndi mnyamata kapena mtsikana ndi mtsikana. Ayenera kudya katatu patsiku, asaletsedwe kulankhula ndi makolo ake, ndipo pasipoti yake isachotsedwe m'manja mwake. Bungwe sililoledwa kulipira banjalo, ndipo woimira bungwe m'deralo ayenera kulankhula ndi wophunzirayo mwezi uliwonse.

Ku England kuli lamulo lina limene limakhudza kwambiri Amalawi otumiza ana kwa anzawo a kutchalitchi kapena kwa anthu akumudzi kwawo popanda bungwe lililonse pakati: mwana wosakwana zaka 16 akakhala masiku 28 kapena kuposerapo ndi munthu amene si kholo lake kapena mbale wake wapafupi, khonsolo ya m'deralo iyenera kudziwitsidwa kuti ogwira ntchito zosamalira ana aziyendera nyumbayo. Mawu akuti mwana wa mnzako ngwako yemwe ndi abwino ndipo asunga ana ochuluka, koma pamtunda wa makilomita zikwi zambiri, pamene agogo ndi anansi sangathe kusuzumira, chikhulupiriro chokha sichikwanira kuteteza mwana.

Kodi makolo angazindikire bwanji mwayi wabodza?

Funso limeneli ndi lofunika kuposa la zovala ndi masutikesi, chifukwa anthu ozembetsa anzawo amagwiritsa ntchito mawu omwewo a sukulu, banja labwino ndi tikiti yaulere. Kuyambira mu 2022 kunamveka nkhani za amayi a ku Malawi amene anakopedwa ndi malonjezo a ntchito ku Oman, n'kukapezeka alandidwa mapasipoti ndipo akugwira ntchito za m'nyumba mozunzika, ndipo ngakhale nkhani yawo inali ya ntchito osati ya sukulu, msampha wake ndi womwewo. Dziko la Malawi lili ndi lamulo loletsa kuzembetsa anthu la mu 2015, koma lamulo limagwira ntchito zinthu zitaonongeka kale.

Bungwe loona limakhala ndi ofesi kapena kalabu imene munthu angafikepo ndi mapazi, limayesa ophunzira mafunso ndi kukumana ndi makolo, limatchula dzina la sukulu, dzina la banja ndi keyala yake mwana asananyamuke, ndipo limapempha viza ya wophunzira osati ya mlendo wongocheza. Munthu amene wangotulukira pa Facebook kapena pa WhatsApp, amene akufulumizitsa zinthu, akupempha kuti ndalama zitumizidwe ku nambala ya foni ya munthu, kapena akulangiza mwana kuti akanene bodza ku ofesi ya kazembe, ayenera kukanidwa ngakhale atadziwika ndi mbusa kapena mbale. Kufunsa ku ofesi ya kazembe wa dziko lolandira ngati bungwelo likudziwika sikulira ndalama.

Ndi zikalata ziti zofunika, nanga ulendo weniweniwo umayenda bwanji?

Pamafunika pasipoti yochokera ku nthambi yoona za anthu olowa ndi otuluka, viza, kalata ya kubadwa, kalata ya chilolezo cha makolo yotsimikizidwa ndi wolumbiritsa, umboni wa katemera ndi inshuwalansi ya zachipatala. Mayiko a ku Ulaya a m'gulu la Schengen, amene anachotsa zipata pakati pawo, amapereka viza ya mlendo ya masiku osapitirira 90, kotero kuti wopita chaka chonse amafunika viza ya dziko lenileni kumene akakhale. Opita ku Britain kwa miyezi yoposa isanu ndi umodzi amayenera kuyezetsa chifuwa chachikulu. Malamulo a viza amasintha mosayembekezereka, monga zinachitikira mu Ogasiti 2025 pamene America inayamba kufuna chikole cha madola 5,000 mpaka 15,000 kwa Amalawi ndi anthu a ku Zambia opempha viza ya alendo, choncho zonse ziyenera kufunsidwa mwatsopano chaka cha ulendowo.

Wonyamukira pabwalo la ndege la Kamuzu kapena la ku Chileka nthawi zambiri amasintha ndege ku Addis Ababa, Nairobi kapena Johannesburg, ndipo pamenepo ndi pamene mwana wosazolowera amasokonezeka. Zikalata zonse, mankhwala, juzi ndi nambala za foni zolembedwa papepala zikhale m'chikwama cha m'manja, ndipo asanyamulire munthu aliyense katundu amene sanamuone mkati. Nyama ndi mkaka saloledwa kulowa m'mayiko a European Union m'katundu wa apaulendo, ndipo ku America chakudya chilichonse chiyenera kuululidwa pachipata. Chitenje, tiyi wa ku Thyolo, khofi wa ku Mzuzu kapena kachiboliboli ndi mphatso zokwanira.

Chimene chimavuta kwambiri m'milungu yoyamba n'chiyani?

Anthu amaganiza kuti ndi chisanu kapena chilankhulo, koma vuto lalikulu ndi ulemu, kapena kunena bwino, kusamvana kwa maulemu awiri. Mwana woleredwa bwino kwa Achewa anaphunzitsidwa kuti pamaso pa akulu agwade kapena anyonyomale, alandire chinthu ndi manja awiri, asayang'ane wamkulu m'maso, asayankhe pamene akudzudzulidwa, asayambe nkhani pamene akulu akudya, ndipo akafunsidwa ngati ali bwino avomere ngakhale mutu ukumuwawa. Zonsezi ndi chuma, ndipo palibe chifukwa chozichitira manyazi. Koma m'nyumba ya ku Germany, ku Sweden kapena ku America, zizindikiro zomwezo zimawerengedwa mwanjira ina: kuzyolika kumaoneka ngati kubisa kanthu, kukhala chete patebulo kumaoneka ngati kukwiya kapena kusakonda banjalo, ndipo kudzitsekera m'chipinda, kumene mwanayo akuchita pofuna kusasokoneza eni nyumba, kumaoneka ngati kuwakana.

Nkhani ya chakudya imaonetsa bwino kusamvanaku. Kuno munthu akaitaniridwa nsima amayamba wakana pang'ono, podziwa kuti mwini nyumba aumirira kachiwiri ndi kachitatu, ndipo kuumirirako ndi mbali ya ulemu wa onse awiri. M'mabanja ambiri a kumpoto kwa Ulaya, munthu akakana amamukhulupirira, mbale n'kuchotsedwa, ndipo mwana amene anakana mwaulemu amagona ndi njala pamene mayi wa pakhomopo akuganiza kuti walemekeza zofuna zake. Chimodzimodzinso, mwana amene wavomera chakudya chimene sakuchikonda, n'kuchiyamikira pofuna kusangalatsa ophika, adzachipeza patebulo mlungu uliwonse. Palibe woipa mtima pa awiriwa. Aliyense akutsatira mwambo umene anaupeza, ndipo amene akuvutika ndi wamng'onoyo, chifukwa ndiye ali yekha.

Maitanidwe nawo amalemera pakamwa. Wolankhula Chichewa amadziwa kusiyana kwa iwe ndi inu, ndipo chimenechi chimamuthandiza kumva msanga kusiyana kwa du ndi Sie m'Chijeremani, koma amadabwa akapeza kuti makolo omulandira akufuna kuti aziwatchula du, mawu a anthu ozolowerana, kapenanso dzina lawo loyamba. Ku Sweden, kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, pafupifupi aliyense amatchulidwa ndi mawu ofanana ndi iwe, ndipo ana asukulu amaitana aphunzitsi ndi mayina awo. Kwa mwana amene sanatchulepo dzina la bambo ake omubereka, zimenezi zimamveka ngati chipongwe. Njira yabwino ndi kufunsa usiku woyamba kuti eni nyumba akufuna kutchulidwa bwanji, ndipo ngati dzina lokha likumukanika, afotokoze chifukwa chake. Mabanja ambiri amakondwera kumva kuti kwawo kwa mwanayo mayi aliyense wamkulu ndi amayi, ndipo ena amasankha kutchulidwa choncho.

Mabungwe ena, monga Rotary, amapereka mndandanda wa mafunso a usiku woyamba: nthawi yodzuka ndi yogona, kochapira zovala, utali wa nthawi yosamba, ngati n'kololedwa kutenga chakudya m'firiji, nthawi yofikira panyumba madzulo, ndi ntchito zimene mwana akuyembekezeka kugwira. Mndandandawu umaoneka wachibwana, koma umachotsa mikangano yambiri isanabadwe, ndipo Achewa anaidziwa kale mfundo yake pamene ankati safunsa anadya phula.

Nanga za chakudya, ntchito za pakhomo ndi nyengo?

Munthu amene kwa iye kudya ndi kudya nsima amamva ngati sanadye pamene chakudya chamadzulo chili buledi wozizira, tchizi ndi nyama yodulidwa mopyapyala, monga zimakhalira m'nyumba zambiri za ku Germany. Thupi limazolowera pakapita milungu ingapo, ndipo ufa wa chimanga umapezeka m'masitolo ambiri, kotero kuti kuphikira banjalo nsima, nyemba ndi masamba otendera tsiku lina ndi njira yabwino yodzithandiza komanso yodzidziwikitsa. Mnyamata amene kwawo sanalowepo m'khitchini ayenera kudziwiratu kuti adzaona bambo wa pakhomo akuphika ndi kuchapa, ndipo naye adzapatsidwa gawo lake. Mtsikana amene anazolowera kudzuka m'mamawa n'kusesa nyumba yonse ayenera kudziwa kuti sakuyembekezeka kutero, ndipo ngati ntchito zonse zayamba kugwera iye yekha pamene ana a eni akupuma, pamenepo pali cholakwika chofunika kunena. Galu wogona m'nyumba, nthawi zina pabedi, ndi chinthu chimene wophunzira ayenera kufunsiratu pa fomu ngati amaopa agalu kapena ngati chipembedzo chake sichilola.

Za nyengo, chovuta si kuzizira kokha koma mdima. Ku Lilongwe usana superewera maola 11 ngakhale mu Juni, pamene ku Copenhagen chakumapeto kwa Disembala dzuwa limatuluka cha m'ma 8:30 m'mawa n'kulowa isanakwane 4 koloko madzulo, ndiye kuti mwana amapita kusukulu kuli mdima n'kubwerako kuli mdima. Zimenezi zimafooketsa mtima, ndipo zimagwa nthawi ya Khirisimasi, pamene kwawo mvula ikugwa, chimanga chili m'mawondo ndipo abale asonkhana.

Kodi kupukwa ndi chizindikiro chakuti ulendowo walephereka?

Ayi. Katswiri wa chikhalidwe cha anthu Kalervo Oberg, polankhula ku Rio de Janeiro mu 1954 ndiponso m'nkhani imene inasindikizidwa mu 1960, anafotokoza nkhawa imene imagwira munthu akataya zizindikiro zonse zimene anazolowera, monga kapatsidwe ka moni, nthawi yoseka ndi nthawi yokhala chete, ndipo anati imayenda m'magawo: kusangalala ndi zatsopano, kukwiya ndi kunyansidwa ndi chilichonse, kuyamba kuzolowera, kenako kukhazikika. Mu 1955, Sverre Lysgaard, atafufuza anthu 200 a ku Norway amene anakaphunzira ku America, anapeza kuti mtima umayamba uli m'mwamba, n'kutsika pakati, n'kukweranso, mofanana ndi chilembo cha U. Ofufuza a pambuyo pake anaonetsa kuti si onse amene amatsata njira imeneyi, popeza ena amavutika kwambiri masiku oyambirira enieniwo, koma phindu la chiphunzitsochi n'lakuti mwana amene akulira m'mwezi wachitatu amadziwa kuti sanapenge ndipo sanalakwe kubwera.

Foni ndiyo yasintha nkhaniyi. Kale kalata inkatenga milungu, ndipo wophunzira ankakakamizika kutuluka m'chipinda n'kukacheza ndi eni nyumba. Lero akhoza kukhala ku Ulaya ndi thupi lokha, mtima uli m'magulu a WhatsApp a anzake a ku Zomba kapena ku Chipata, makamaka popeza nthawi ya ku Germany imasiyana ndi ya ku Malawi ndi ola limodzi lokha m'nyengo yozizira ya ku Ulaya ndipo imafanana m'nyengo yotentha. Kugwirizana tsiku limodzi pamlungu lolankhulana ndi makolo, kusiya khomo lotseguka la nthawi ya mavuto enieni, kumathandiza kuposa kuimbirana usiku uliwonse. Makolo nawo apewe kumusenzetsa mwana nkhani za ngongole ndi zopempha za abale, chifukwa kandalama ka m'thumba si malipiro, ndipo ku America wophunzira wotere saloledwa kulembedwa ntchito kupatula timaganyu ta apo ndi apo.

Pa za umoyo pali chimene chimaiwalika?

Malungo. Zizindikiro zake zikhoza kuonekera patapita mlungu umodzi mpaka mwezi, nthawi zina kuposerapo, kuchokera pamene udzudzu unaluma, ndipo dokotala wa m'tauni yaing'ono ku Ulaya kapena ku America akhoza kuganiza za chimfine chabe. Wachinyamata amene watentha thupi m'miyezi yoyamba anene momveka kuti wachokera kudziko la malungo ndipo apemphe kuyezedwa magazi tsiku lomwelo. Makolo alembe zimenezi m'kalata yopita ku banja lolandira, pamodzi ndi zofunika za m'buku lake la kuchipatala.

Zinthu zikavuta pakati pa mwana ndi banjalo, chimachitika n'chiyani?

Dongosolo lililonse loona limaika munthu wachitatu, phungu kapena woimira bungwe, amene sali wa m'banja lolandira, kuti mwana akhale ndi kokadandaula. Kusamvana kwa tsiku ndi tsiku kumathetsedwa pokambirana, ndipo zikakanika wophunzira amasamutsidwira ku banja lina, chinthu chimene chimachitika kawirikawiri ndipo si chamanyazi. Wophunzira naye ali ndi malamulo amene akawaswa amabwezedwa kwawo. A Rotary amadziwika ndi anayi oletsa mowa, mankhwala ozunguza bongo, kuyendetsa galimoto ndi chibwenzi chozama.

Pali zina zimene sizofunika kukambirana kapena kupirira: kugwiridwa thupi mosayenera, kuuzidwa mawu achiwerewere, kumenyedwa, kumanidwa chakudya, kulandidwa pasipoti, kukakamizidwa kusiya chipembedzo chake, kapena kunyozedwa chifukwa cha khungu, kaya kunyumba kaya kusukulu. Mwambi wakuti kwa eni kulibe mkuwe umaphunzitsa kudzichepetsa pakhomo pa ena, ndipo pa nkhani ya nthawi yogona kapena kakonzedwe ka bedi uli ndi malo ake, koma mwana amene waumva ngati lamulo loti apirire chilichonse ali pangozi, chifukwa wochita nkhanza amadalira chete wa mwana woopa kuoneka wosayamika. Nambala ya ngozi m'mayiko a European Union ndi 112, ku Britain ndi 999, ku America ndi 911, ndipo mwana aziloweze pamtima asanakwere ndege.

Kodi kubwerera kwawo kumakhala kosavuta?

Ambiri amadabwa kuti kubwerera kumapweteka ngati kupita. Mwana amabwera atazolowera kufunsa, kutsutsa ndi kuyang'ana akulu m'maso, ndipo kunyumba zimenezi zimatchedwa mwano kapena kudzimva. Anzake apita patsogolo ndi nkhani zawo, ena akuyembekezera mphatso zimene iye alibe, ndipo nkhani zake za kunja zimatopetsa omvera pakangotha masiku ochepa. Palinso nkhani ya sukulu, chifukwa maphunziro a kunja satsata silabasi ya mayeso a MSCE, choncho makolo akambirane ndi mphunzitsi wamkulu mwana asananyamuke za kalasi imene adzalowe pobwera. Wachinyamatayo amafunika kuphunziranso kugwada pamene mpoyenera kugwada, osaona ngati wabwerera m'mbuyo, ndipo akulu amafunika kumulezera mtima pamene akusanja miyambo iwiri imene tsopano yonse ndi yake.

Makolo amuuze chiyani mwana tsiku lotsanzikana?

Malangizo a masiku onse, akuti akakhale waulemu, akalimbikire sukulu ndipo asakachititse manyazi banja, ndi abwino ndipo mwanayo anawamva kale kambirimbiri. Chimene sanamvepo, ndipo sangachiganize yekha, ndi chilolezo cha makolo ake kuti akhoza kukana chimene wamkulu wamuuza ngati chili choipa, akhoza kunena kuti ali ndi njala, akudwala kapena akuopa, ndipo akabwezedwa kapena akapempha kusamuka chifukwa cha nkhanza, kunyumba adzalandiridwa popanda kuwerengeredwa ndalama za tikiti. Makolo amene akukonzekera ulendo wotere alembe dzina ndi nambala ya phungu wa mwana wawo, alankhule naye okha kamodzi mwana asananyamuke, asunge makope a zikalata zonse, ndipo chilolezo cholankhula chija achipereke ndi pakamwa pawo, mwanayo akumva, asanafike pabwalo la ndege.